Kompyuta ya Bambo a Dzanja Limodzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezela ndi azakhali anga, atatopa kundiona ndikuothela dzuwa pakhomo ndi satifiketi ya makompyuta m'sutikesi. Anandilankhulila kwa a Lungu, amene anali ndi kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta kuseli kwa msika wa Petauke. A Lungu pepala langalo sanaliyang'ane n'komwe. Anandipatsa bulashi ndi sikuludilaiva, n'kunena kuti sukulu ya pano ndi fumbi.

Sananame. Tsiku ndi tsiku ndinali kutsegula makina, kupukuta mafani, kuzula lamu, kachipangizo kokumbukila ka makina, n'kuibwezela, kupaka mafuta atsopano pa pulosesa. Pofika madzulo mphuno zili bii, msana ukuwawa. Pa nkhani ya sisitimu, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa kompyuta yonse, abwana anali ndi yankho limodzi kwa aliyense: yolemela ya m'maofesi, poti ndiyo anthu anaizolowela.

Mvula yoyamba itagwa, kunabwela amai Mwanza a ku Minga, atakulunga kompyuta yakale m'chitenje. Amuna awo, amene kale anali kuphunzitsa kwaya, anadwala sitiloko. Mbali ya kumanja inafa, mawu anapita. Mwana wawo wa ku Nyimba ndiye anatumiza makinawo atadzazamo mavidiyo a makwaya kuti bambo azionela pa TV. Koma chinthucho chinali kudzuka ngati nkhalamba, chikadzuka chifuna pasiwedi, kenako mausi. Bambo akalephela anali kumenya mpando uku akulila, ndiye amai sanali kuchoka pakhomo. Anzawo onse anali atabzala, mbewu ya amai ikali m'thumba.

"Mwanangu, ine sindifuna zambili," anatelo. "Ndingofuna ndikabzale."

Tinaipukuta, tinaikamo yolemela yomwe ija, inapita. Sabata isanathe inabwelanso m'chitenje chomwecho. A Lungu anausa moyo n'kundiuza kuti mawa lake ndikwele njinga yamoto ndikaone ndekha kumene kuli vuto.

Tsiku limenelo sindifuna kulibweleza. Ndinafika matope mpaka m'mawondo. Magetsi awo anali a sola, batile imodzi ndi kainveta kakang'ono kosinthila magetsi a m'batile, ndipo kumwamba kunali mitambo. Poyamba ndinakopela mavidiyo onse pa hadi disiki yanga kuti asatayike, kenako n'kuika sisitimu yopepuka imene ndinabwela nayo pa fulashi. Inadzuka msanga, ndinayamba kudzitama mumtima. Ndinapatsa bambo mausi. Dzanja lawo la kumanzele linali kunjenjemela, kamuvi kakuthawila uku ndi uku, zilembo zing'onozing'ono ngati nyelele. Anayesa, anayesa, kenako anatembenukila kukhoma. Ndinachita manyazi, komanso ndinamva chisoni.

Pomwepo inveta inayamba kulila kuti batile yatha mphamvu. Tinazimitsa zonse n'kudikila dzuwa. Amai anandipatsa tiyi ndi kandolo wophika, koma maso awo anali kunja, kumene anthu anali kudutsa ndi makasu.

Pa fulashi ina ndinali ndi sisitimu yaing'ono kwambili, yosadziwa kulemba kalata kapena china chilichonse kupatula kuonetsa mavidiyo ndi kuimba nyimbo. Ndinaimbila a Lungu kuwauza kuti ndifuna kuiika. "Ukaika zachilendo, ikadzafa ndiwe udzayenda," anatelo n'kudula foni. Ine ndikatopa ndilibe ulemu wambili. Ndinanena ndekha kuti nanga lelo wayenda ndani.

Dzuwa litatuluka ndinaiika n'kubwezelamo mavidiyo aja. Zithunzi zinabwela zikuluzikulu, koma mawu zii. Ndinasinthana zingwe, thukuta kamukamu, mpaka ndinapeza kuti mawu akupita ku bowo la mahedifoni m'malo mwa chingwe cha TV. Ndinakonza. Kenako ndinalowa mu bayosi, kumene makina amauzidwa zochita asanadzuke, n'kuwauza kuti magetsi akangofika aziyaka okha. Limoti ya TV inali ndi mabatani ochuluka, ndiye osafunika ndinawamata ndi tepi yakuda, n'kusiya opita m'mwamba, pansi, ndi lapakati.

Tinazimitsa zonse kuti tiyese, kenako amai anayatsa inveta. Palibe anakhudza kompyuta. Bambo anatenga limoti, anatsika pa zithunzi zija ndi chala chachikulu pang'onopang'ono, n'kudina. Kwaya inayamba. Anaika limoti pamwendo, dzanja lija lonjenjemela linakwela m'mwamba n'kuyamba kuwaimbitsa anthu a pa TV.

Kuyambila pamenepo, munthu akandifunsa sisitimu yabwino ya kompyuta yoonela mavidiyo kunyumba, sindiyamba ndi kufunsa kukula kwa lamu. Ndimafunsa kuti azidina ndani, ndipo ikakana kudzakhala ndani pakhomo.

Ndinali ndikali kulongedza zingwe pamene ndinaona amai ali pakhomo, khasu paphewa, thumba la mbewu pamutu, dzuwa litapendeka kale.

"Mundikhululukile, mwanangu, sindikupelekezani," anatelo. "Potuluka mungokankha chitseko."