Chipsera cha Ndowa ya Agogo m'Bafa Langa

Ndinathamangitsa agogo anga pakhomo panga chifukwa cha bafa la pulasitiki. Papita zaka zambiri, koma manyazi ake sanandichoke. Inu owerenga, mundimvere mpaka kumapeto, makamaka inu amene mwayamba kupeza bwino pomwe okulerani adakali moyo.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Agogo, mayi wa mayi anga, ndiwo anandilera ku Mhuju ndi tindalama ta nyemba ndi mtedza. Ndinali mwana wofatsa, wongoyang'ana, moti anthu ankati mwina ndili ndi vuto la lilime. M'mawa uliwonse, makamaka m'miyezi yozizira ija, agogo ankanditenthetsera madzi m'ndowa yachitsulo yakuda ndi mwaye, n'kukaiika kubafa la udzu. Ankangoti m'Chitumbuka chawo, "Mwana wane, maji," ine n'kudzuka.

Nditapeza ntchito ya ukalaliki pa boma la Rumphi, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndinakwatira n'kugula nyumba yakale yamalata. Ndinakatenga agogo kuti adzapume. Anabwera ndi kathumba ka zovala ndi ndowa yawo ija.

M'nyumbamo munali chipinda chosambira, koma bafa lake linali litabooka ndi dzimbiri. Ndinaitana pulambala wina wachikulire, a Msiska, ndipo tinapita limodzi ku Mzuzu. M'sitolomo munali mabafa awiri. Lina linali lachitsulo, loyera, lolemera lofuna amuna anayi. Linalo linali la pulasitiki, lobiriwira, lonyezimira, lopepuka ngati beseni. Wogulitsa anati ndiwo mabafa a masiku ano, ndipo silizizira msana ngati lachitsulo.

A Msiska anandifunsa kumene madzi otentha azidzachokera. Ndinati pamoto, poti giza yotenthetsera madzi ndi magetsi ndinalibe. Anapukusa mutu n'kunena kuti nyumba yotenthetsa madzi pankhuni imafuna chitsulo, chifukwa pulasitiki saonana ndi chinthu chochoka pamoto. Ndinawamva bwinobwino. Koma m'maso mwanga ndinkaona anzanga a ku ofesi akusirira bafa lobiriwira, ndipo ndinatenga la pulasitiki.

Cholakwa changa choyamba chinali kusawauza agogo zimene a Msiska ananena. Ndinazolowera kukhala chete, ndipo ndinkaganiza kuti mkazi wanga ndiye azidzasamala za madzi.

Loweruka lina akulu a mpingo anali kubwera kudzapempherera nyumba. Amayi a mpingo anafika m'mamawa kudzathandiza kuphika, mkazi wanga n'kutanganidwa nawo kuseri. Agogo ataona kuti palibe wandikonzera madzi, anachita zimene anachita kwa zaka makumi awiri. Anatereka ndowa yawo pamafuwa, itawira anainyamula okha, n'kukaitula m'kati mwa bafa. Kenako anagogoda kuchipinda kwanga. "Mwana wane, maji."

Nditalowa m'chipinda chosambira ndinamva fungo la pulasitiki wopserera. Nditanyamula ndowa, pansi pake panatsala mkombero wakuda, wonyonyomala, wong'ambika mbali imodzi. Bafa linali lisanathe ndi sabata imodzi yomwe.

Ine amene sindinakwezepo mawu kwa munthu chibadwire, tsiku limenelo ndinakweza. Ndinatuluka ndi ndowayo n'kuiponya pabwalo, amayi onse aja akuona, madzi n'kumwazika.

"Agogo, kuno si ku Mhuju. Ngati zinthu za m'nyumba simukuzidziwa, muzingokhala pansi."

Amayi aja anasiya kusenda anyezi. Agogo anatola ndowa yawo pang'onopang'ono, n'kugwada pamaso panga, mayi wa mayi anga, pafumbi.

"Phepani chomene, bwana," anatero.

Sanayambe anditchulapo bwana. Mapemphero anachitika, akulu a mpingo anayamikira nyumba, ine n'kumabisa chipsera chija ndi thawulo. Lolemba nditapita kuntchito, agogo anakwera lole ya ku Mhuju. Anauza mkazi wanga kuti akukaona nyemba zawo.

Mkazi wanga anandichonderera kuti ndiwatsatire. Ndinkati ndipita mwezi ukatha. M'malo mwake ndinatumiza shuga ndi bulangete, yankho n'kubwera la mawu amodzi othokoza: yewo. Mwezi wina unatha, winanso. Kupepesa kumafuna pakamwa, ndipo ine ndinabwerera m'chete wanga uja, n'kumadzinamiza kuti agogo akudziwa mtima wanga. Pamene ndinapita ku Mhuju ndinapitira maliro awo. Ndowa ija ndinaipeza ili pamafuwa kuseri kwa nyumba, yopindika mbali imene inagunda pansi tsiku lija.

A Msiska anamata mng'alu uja, koma mkombero sunachoke. Ana anga akhala akundiuza kuti tichotse bafalo tigule lina, ine ndimakana osawauza chifukwa. Ndimasamba nditaponda pamenepo.

Inu owerenga, pogula katundu wa m'nyumba muziganizira manja amene adzamugwire ndi zimene manjawo anazolowera. Mmisiri akakuchenjezani, uzani onse a m'nyumba. Ndipo mukalakwira amene anakulerani, kwerani basi ya tsiku lomwelo mukagwade. Shuga sapepesa. Ine ndinadikira kutha kwa mwezi, ndipo kuyambira pamenepo palibenso amene ananditchulapo mwana wane.