Kaseti ya Marilza

A Onofre anameta tsitsi anthu a m'tauni ya Valadares kwa zaka zambiri, m'kachipinda koyang'anizana ndi pokwerera basi. Anali munthu wa dzanja lopepuka ndi pakamwa posatopa. Koma Lamulungu masana, akangomaliza kudya mpunga wa nyemba, sankafuna mlendo. Ankatulutsa kompyuta ya mwana wawo, Marilza.

Kanali kabokosi kakuda kaphwatalala, ka mabatani ofewa a labala, dzina lake TK90X. Masiku amene kanapangidwa, boma silinkalola makompyuta ang'onoang'ono akunja, choncho a ku São Paulo ankapanga awoawo potengera a ku Ulaya. Kuti uone zimene ukulemba, unkakalumikiza ku TV ya pabalaza. Kanalinso koiwalaiwala: ukangokazimitsa, zonse zapita. Chofuna kusunga unkachijambula pa kaseti wamba, yomweyi ya nyimbo, ndipo chinkajambulika ngati phokoso chabe. Pochibweza unkalowetsa chingwe, mbali ina kukompyuta, ina pakabowo ka zomvera m'makutu ka wailesi ya kaseti.

Marilza analandira kabokosika ali kusekondale, ndipo mayi ake, a Zuleica, sanakakonde konse chifukwa kankawalanda masewero awo a pa TV. Mtsikanayo anali wofatsa koma wosagonja. Analemba malangizo mzere ndi mzere mpaka kompyutayo inajambula nyumba yawo: denga, zenera, mtengo wa gwafa, ndi kadontho kachikasu koyendayenda pakhonde. Ankati kadonthoko ndi amayi akusesa.

A Zuleica anamwalira. Patapita zaka, Marilza anatsatira anzake kunja kwa dziko, ku Boston, kukakolopa m'nyumba za eni, ndipo popeza analibe mapepala, akanabwera kudzacheza sakanabwererako. Ankaimba foni ndithu, koma mwachidule, ndi mawu otopa. A Onofre anatsala ndi kaseti ya nyumba ija. Ankachita zonse monga mwanayo anawaphunzitsira, osasintha kanthu: choyamba chingwe, kubweza kaseti, kenako batani. Mizeremizere inkathamanga m'mbali mwa TV, iwo n'kudikira, nyumba n'kuyamba kumera.

Lamulungu lina mizereyo inabwera, koma nyumba ayi. Anakweza mawu a wailesi, anatsitsa, anapukuta kachitsulo kowerenga tepi ndi kathonje konyowetsa mu kachasu. Sizinathandize. Anakaitana mnzawo wakalekale, a Belmiro, okonza ma TV.

"Achimwene, chinthuchi n'chimodzimodzi mano anu, nthawi yake inatha," anatero a Belmiro, akuvala magalasi.

"Inu ingokonzani. Dazi lanulo ndalimeta zaka zonsezi, ndinanenapo kuti latha?"

A Belmiro anaseka, nati asanatsegule chilichonse ayambe amva kaye kasetiyo ndi khutu. Anagwira chingwe chija kuti achizule, a Onofre n'kuwagwira mkono, ati Marilza ananena kuti chisamazulidwe. Mnzawoyo anawafotokozera modekha kuti chingwe chikakhala m'kabowo, wailesi imakhala chete, phokoso lonse limalowa m'kompyuta. Anatinso ana a nthawi imeneyo ankakonda kutchula dzina la zimene ajambula, phokosolo lisanayambe, kuti asasokoneze makaseti. Kompyuta mawu a munthu siiwasamala, imangowadumpha.

A Belmiro anazula chingwecho, nabweza kaseti poyambirira.

"Nyumba yathu, wolemba Marilza," anatero mawu a mtsikana, pafupi kwambiri. "Ababa, musajambulepo nyimbo zanu zachikale apa, ndapota nanu."

Ndipo chapatali, pakati pa kulira kwa mbale, munthu wina anayankhira kukhitchini: "Iwe, ndati zimitsa chinyenje chakocho, khofi wa abambo ako akuzizira."

Kenako linayamba phokoso lija logonthetsa m'makutu, likukwera n'kutsika mwaulesi. A Belmiro anamvetsera pang'ono, napukusa mutu. Anati tepi yatanuka pakati, nyumba ija siidzabweranso pa TV. Ananena motsitsa mawu, atavula magalasi, popeza nawonso khofi wa a Zuleica anamwapo kambirimbiri.

A Onofre anayang'anitsitsa wailesi ija. Lamulungu lililonse la zaka zonsezo, mkazi wawo ankaitana m'chingwe chija, iwo ali duu kuyang'ana kadontho kachikasu. Anasendeza mpando kufupi ndi wailesi.

"Za nyumbazo zisiyeni, achimwene," anatero. "Tabwezani poyamba paja."