Tsiku Limene Lorne Anatsekera Murray Kunja

Mumzinda wa Brandon muno, ukafuna munthu wokayikira chilichonse, pita kwa Lorne Hrycko. Ukamupatsa moni amayamba wakuyang'ana m'manja. Wakhala akuyendetsa basi ya ana asukulu kuyambira tsitsi lake lili lakuda, ndipo anawo amamudziwa bwino: mwana akangoti zii kumpando wakumbuyo, Lorne amaimitsa basi kuti akaone chimene chikubisidwa. Mkazi wake anachoka kalekale, akuti anatopa n'kufunsidwa chimene wachedwera ku golosale.

Koma ntchito imene Lorne amaiyesa yakeyake ili m'chipinda chapansi pa nyumba yake, pambali pa firiji yosungira nyama. Pamenepo pali kompyuta yosazimitsidwa imene amaitcha seva. Anzake amalumikizako ali m'makwawo kuti asewere limodzi gemu yakalekale yowomberana, ija yoti wosewera amangoona mfuti yake kutsogolo. Eni ake a gemuyo anaiiwala. Anaitola ndi Lorne ndi mnzake Murray Dueck adakali anyamata, n'kuisula mwatsopano. Murray anamanga mabwalo omenyeranamo motengera nkhokwe za tirigu za kuno, Lorne n'kuika malamulo. Mpaka lero, Loweruka masana, madoda a mimba zawo amakumana mmenemo kulandana mbendera, uku akunyozana m'mahedifoni.

Lamulo lalikulu ndi limodzi: wobera amachotsedwa, ndipo sabwereranso. Kubera kwake n'kuika kapulogalamu kochititsa adani kuwala ngati nyali, moti umawaona ngakhale ali kuseri kwa khoma. Seva imajambula masewero onse, ndiye Lamlungu akachoka kutchalitchi Lorne amakhala ndi khofi wake n'kumaonera zojambulazo, kudzera m'maso mwa wosewera aliyense payekha. Wagwira ambiri ndipo amanyada nazo. Anachotsapo ngakhale mwana wa mlongo wake, osaphethira n'komwe.

Chaka chatha Murray anayamba kulobodoka. Ankagunda makoma a mabwalo amene anamanga yekha, n'kumawombera anzake a timu yake.

"Mdala, wayamba kusewera ndi zala zakumapazi kodi?" anatero Lorne tsiku lina, ena onse n'kufa nacho chikhakhali.

"Ndikukupatsani mpata, ana inu," anayankha Murray.

Kenako chisanu chitafika pachimake, Murray anadzuka. Masabata angapo otsatizana anawasesa onse. Anzake anamuyamikira, koma Lorne mtima unayamba kumudya. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu sakhwima dzanja mwadzidzidzi chonchi.

"Wagula chiyani chatsopano, aise?" anamufunsa.

"Palibe. Ndangokumbukira kasewero kanga."

Yankho limenelo silinamukomere. Lamlungu anatsegula zojambula za Murray, ndipo khofi anazizirira m'kapu. Mfuti ya Murray inkaloza khoma lopanda kanthu, n'kumayenda pang'onopang'ono motsatira khomalo, kenako munthu n'kutulukira ndendende pamene yaloza. Anabwereza kuonera mobwerezabwereza, akufunafuna chifukwa china, koma sanachipeze. Zinamuwawa kwambiri, ndipo kuwawako kunasanduka mkwiyo. Murray amene anamugwirira mphete pa ukwati wake, Murray amene ananyamula nawo bokosi la maliro a bambo ake, n'kumamupusitsa m'nyumba mwake momwe.

Sabata yonse anayendetsa basi atakwinya nkhope. Sanamuimbire foni, poganiza kuti wakuba ukamuchenjeza amabisa katundu. Loweruka m'mawa anatsikira kuchipinda chapansi n'kumutsekera Murray kunja kwa seva, monga anachitira ndi ena onse aja.

Komabe Lorne sakhutira asanaone ndi maso. Anatenga fosholo yochotsera chipale chofewa imene anabwereka kwa Murray, kuti apeze ponamizira, n'kuliza galimoto.

Anatsegula chitseko ndi Bev, mkazi wa Murray. Nthawi zonse amamulandira ndi nthabwala, koma tsikuli anangoyang'ana fosholoyo.

"Ikani pamenepo, alamu. Mnzanuyo ali pansi, wakhala akulimbana ndi kompyuta kuyambira m'mawa. Pakubwera mawu ofiira. Ine ndawawerenga, koma ndamuuza kuti ndi zachikompyuta, sindikuzimva. Mukamuwerengere nokha."

"Bwanji osawerenga yekha?"

Bev anayankha kuti: "Galimoto adokotala anamuletsa kuyendetsa mwezi wa Okutobala. Inu mumaganiza kuti ndimamuperekeza paliponse chifukwa cha chikondi?"

Lorne anatsika masitepe mwakachetechete, monga amachitira akamazembera ana m'basi. Murray anali atavala mahedifoni, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi la kompyuta. Patebulo panali timabotolo ta mankhwala a m'maso ndi galasi lokulitsira zilembo.

"Ndi Lorne ameneyo," anatero Murray osatembenuka. "Palibenso wina amene amalowa m'nyumba ya mnzake ngati wapolisi. Bwera undithandize, seva yako ikundikana."

"Maso atani?"

"Dokotala akuti pakati pa diso pakufa. M'mbalimu ndikuonako, ndiponso chinthu chikakhala chowala kwambiri. Zilembo ndiye ayi. Akuti chiyani apa?"

Lorne anawerama. Mawuwo ankawadziwa pamtima, chifukwa anawalemba yekha zaka zambiri zapitazo, ndipo tsiku limenelo anaseka kwambiri. Anakhosomola pang'ono.

"Akuti seva yawonongeka. Uyesenso nthawi ina."

Murray anaseka kamodzi kokha, mopanda chimwemwe. "Iwe, mawu ako akhala akundilowa m'makutu muno Loweruka lililonse kuyambira tili anyamata. Ukafuna kunama umayamba wakhosomola. Werenga zimene zalembedwazo."

Panalibe kothawira. Lorne anawerenga: "Wakuba iwe, takugwira. Chitseko chatsekedwa, usadzabwerenso."

Murray anagwedeza mutu. "Sunalakwitse. Ndinaikadi kapulogalamu kaja. Popanda iko ndimangoona utsi wokhawokha. Ndinkafuna kuti anthu aziwala basi, koma kamawalitsanso ndi akuseri kwa khoma, ndipo diso likaona chowala dzanja limatsatira lokha. Ndinkati ndikuuze, koma ndimakudziwa."

"Ndikakutsegulira lero lomwe," anatero Lorne mofulumira. "Ndikonza gemu yonse kuti aliyense aziwala. Ena akadandaula, shauri yawo."

"Nanga mwana wa mlongo wako uja umuuza chiyani? Siya, lamulo ndi lamulo, ndinalipo pamene unkaliika." Murray anavula mahedifoni n'kuyamba kukulunga chingwe chake pang'onopang'ono. "Chondiwawa si chimenecho ayi. Iwe umaona zonse, Lorne. Chaka chathunthu ndakhala ndikugunda makoma amene ndinamanga ndekha, iwe ukuonera Lamlungu lililonse kudzera m'maso mwanga. Sunakayikepo kanthu. Unadzayamba kukayika nditayamba kupambana."

Manyazi anamugwira Lorne. Nthawi ya masewero inali itakwana, ndipo foni yake inayamba kulira m'thumba, anzake akufunsa chimene awiriwa achedwera.

Murray anatsegula kabati ya tebulo mopapasa, n'kuikamo mahedifoni aja.