Khadi la Ababa M'chitini cha Nandolo

Mpaka lero ndikamva fungo la buledi amene wakhala m'jumbo limodzi ndi sopo wosambira, mtima wanga umabwerera ku Chileka, chaka chimene ndinali mu Sitandade 3. Fungo limenelo linkalowa m'nyumba mwathu Loweruka masana, ababa akatsika minibasi kuchokera ku Blantyre. Nyumba yathu inali ya njerwa zootcha koma yofolera udzu, ndipo inali pafupi ndi bwalo la ndege moti ndege yaikulu ikamatera makapu ankagundana pashelefu. Ababa ankagwira ntchito komweko, yokweza ndi kutsitsa zikwama za apaulendo. Anatisiya chaka chathachi, ndipo chiyambire maliro awo chilimwe cha ubwana wanga chija chimandibwerera pafupipafupi.

Kumayambiriro kwa chaka cha Sitandade 3 chija banki imene ankalandirirako malipiro inawapatsa khadi logulira zinthu pangongole. Kanali kapulasitiki kobiriwira, kolembedwa dzina lawo ndi zilembo zotukuka zimene ndinkakonda kuzisisita ndi chala. Munthu ankagula nalo m'masitolo akuluakulu a m'tauni wopanda ndalama m'manja, mpaka pamalire amene a banki anamuikira, n'kudzalipira pambuyo pake. Ababa ankalipira yonse pa 27, tsiku limene malipiro ankalowa, osasiyako ngakhale tambala. Ankabwera ndi kapepala ka ku banki n'kukaonetsa amayi, kenako n'kukabaya pamsomali kuseri kwa chitseko.

Vuto lathu linali denga. Udzu unali utawola, mapaso atadyedwa ndi chiswe, ndipo dzinja lapitalo tinkagona ndi mabeseni pakati pathu. Udzu wofolera unkasowanso kwathuko, chifukwa malo ambiri anali atasanduka minda ndi mapuloti. Ababa anaganiza zokatenga ngongole ya malata mu Seputembala kuti mvula idzatipeze titafolera. Iwo anali ndi nzeru yawoyawo ya mmene angakonzekerere. Ankati kuntchito kwawo kapitawo amakhulupirira munthu amene wamuona akusenza chikwama cholemera n'kufika nacho, osati wonyamula timajumbo. Choncho anayamba kudzaza khadi lija mwezi uliwonse mpaka pafupi ndi malire, kuti a banki aone kuti angathe kusenza ngongole yaikulu.

Kwa mwana imeneyo inali miyezi yokoma kwambiri. Tinkamwa tiyi wamkaka ngakhale pakati pa sabata, buledi tinkapaka majarini mbali zonse ziwiri amayi akayang'ana kumbali, ndipo zovala zathu pachingwe zinkanunkhira sopo waufa mpaka kunjira. Loweruka lina mu Ogasiti ababa ananditenga ulendo wa ku Blantyre. M'sitolomo munkazizira ngati m'mawa wa mu Juni, pansi pake pankaterera, ndipo ndinawagwira malaya kuopa kusochera. Pashelefu ina ndinaona nsapato zakuda za kusukulu, zalamba, ndipo ndinaima pomwepo osasuntha. Ababa anayang'ana mapazi anga otuwa m'mapatapata, anaseka, n'kuuza mtsikana wogulitsayo kuti andiyese. Polipira anapereka khadi lija ndi manja awiri, ngati akupereka chopereka kutchalitchi.

Sabata yoyamba ya Seputembala anavala malaya oyera n'kupita ku banki. Anabwera dzuwa likadali pamwamba, opanda jumbo, ndipo anakhala pakhonde osavula nsapato. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikusenda nandolo, ndipo ndinamva zonse. Anafotokozera amayi kuti mayi wa ku banki anawatembenuzira kompyuta kuti aone okha. Mwezi uliwonse pa 20, banki inkatumiza ku bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu kuchuluka kwa zimene munthu akubwereka pakhadi tsiku limenelo. Pa 20 m'pamene khadi la ababa linkakhala litadzaza, kwatsala sabata kuti alipire. Ndiye mwezi ndi mwezi mbiri yawo inkaonetsa munthu womira m'ngongole, ndipo mapointi amene ankawapatsa anatsika mpaka osakwana kuti abwereke.

"Ndawauza kuti ndimalipira zonse, mapepala ndi awa," anatero ababa. "Akuti inde bambo, tikuona, komatu kumeneko amalemba za tsiku limodzi lokha."

Amayi anati, "Ndiye kuti kapitawo uja ankakuonani pokhapokha chikwama chikukulemerani, mukamafika nacho iye atatembenuka." Ababa anaseka ngakhale sankafuna. Mayi wa ku banki uja anali atawalangiza kuti khadi asalitaye, koma azigula nalo tinthu tochepa kwa miyezi itatu, ndipo abwerenso ikadutsa 20 Novembala. Kwathu mvula yeniyeni imayamba cha kumapeto kwa mwezi womwewo.

Tsiku lomwelo amayi anatenga khadi lija n'kulikwirira m'chitini cha nandolo wouma. Linkatuluka kamodzi pamwezi, ababa n'kukagula shuga ndi sopo basi, n'kubwereranso m'chitinimo. Seputembala anali wowawa, chifukwa malipiro ambiri anali atapita kale kubweza za mu Ogasiti. Tiyi wamkaka anatha, buledi anasanduka chinangwa chophika, ndiwo zinali nandolo lero, mfutso mawa, nandolonso mkuja. Koma sindikumbukira kuti tinagonapo ndi njala. Ndimakumbukira nyenje zikulira m'mitengo masana mpaka m'makutu kuwawa, fumbi lofiira likuwuluka minibasi ikadutsa, ndi kuzizira kwa madzi a mumtsuko tikaweruka kusukulu. Ababa anayamba kubwera kunyumba molawirira chifukwa analibe chopitira m'tauni, ndipo ankasema mapaso atsopano a bulugamu pansi pa mtengo wa mango akuimba nyimbo za kwaya. Ine ndinkatola timitengo tosemedwato n'kumanunkhiza.

Tsiku la msika amayi ankapita ku Lirangwe, kwawo kumene anabadwira, kukagulitsa nandolo ndi zigumu kuti tipeze ya mchere ndi mafuta. Sukulu ikakhala kuti kulibe ankanditenga. Tinkayala thumba pafupi ndi ogulitsa tomato, dzuwa likuswa mtengo, mbuzi zikulira kumbali ya ogulitsa ziweto, fungo la kanyenya likutipeza pomwe takhalapo. Pobwerera ankandigulira malambe, ndipo ndinkawayamwa njira yonse mpaka lilime kuchita zilonda.

Koma ine ndinali ndi changa mumtima. Ndinamva kuti khadi linadzaza, ndipo ndinkadziwa chinthu chachikulu chimene chinagulidwa mwezi womaliza. Ndinatsimikiza kuti malata athu anakanidwa chifukwa cha nsapato zanga. Ndinazipukuta ndi kansalu konyowa, kutsuka ndi kunsi komwe, n'kuzibwezera m'katoni yake pansi pa bedi. Ndinkaganiza kuti zikakhala zatsopano, tsiku lina a sitolo adzazilandira ndipo mayi wa ku banki adzafufuta zimene analemba. Kusukulu ndinabwerera kumapatapata. Amayi akafunsa ndinkati zikundithina.

Chakumapeto kwa Okutobala kunagwa chizimalupsa, masana dzuwa likuwala. Inali mvula ya kanthawi kochepa, koma inadutsa padenga ngati m'lichero. Madzi akuda a mwaye anatsikira pamatiresi, paufa ndi pamakope anga. Tinatulutsa zonse kukayanika, nthaka ikufuka nthunzi ndi fungo lake lija, ndipo ababa anaima pabwalo akuyang'ana dengalo manja ali m'chiuno. Ine ndinalowa m'nyumba n'kukoka katoni ija. Inali itanyowa pamwamba pokha.

Tsiku la msika lotsatira ndinaibisa pansi pa dengu la zigumu. Titayala malonda ku Lirangwe ndinatulutsa nsapato zija n'kuziika pambali pa nandolo, mmene ndinkaonera ogulitsa kaunjika akuchitira. Mayi wina anaima, ananyamula imodzi n'kufunsa mtengo. Amayi anayang'ana nsapatoyo, anayang'ana ine, ndiye anamulanda mayiyo mwaulemu n'kumuuza kuti mwana wasokoneza. Atachoka anandifunsa chimene chinandigwira, ndipo ndinaulula zonse ndikulira.

"Iwe Edina, ndiwe wopusa ngati abambo ako omwe," anatero akundipukuta mamina ndi nsonga ya chitenje. "Nsapatozi zinalipidwa kalekale pa 27. Palibe amene akuzifuna. Tavala msanga, phazi silidikira malata."

Ndinavalira pomwepo pamsika, popanda sokosi, ndipo zinali zitayambadi kuthina. Madzulo amayi anafotokozera ababa. Iwo sanaseke. Anandiitana, anagwada n'kundimasula lamba wa nsapato, n'kuboola kabowo kena ndi msomali kuti zisamandipweteke.

Itadutsa 20 Novembala ababa anadikira masiku angapo, anavalanso malaya oyera aja n'kupita. Kumadzulo kunali kutayamba kale kuchita mitambo yakuda tsiku ndi tsiku. Ulendo uno kompyuta inaonetsa miyezi itatu ya shuga ndi sopo, mapointi anali atakwera, ndipo anawavomera. Sanawapatse yonse imene anapempha, moti khitchini inatsala ya udzu kwa zaka zina ziwiri. Malata anabwera pakagalimoto ka hayala, akulira njira yonse, ana a mudzi wonse akuthamangira pambuyo. A Nampinga, kalipentala wa kutchalitchi kwathu, anakhoma masiku atatu, ababa akuwapatsira misomali ali pamakwerero. Mvula inagwa patangopita masiku awiri chikhomereni lata lomaliza. Phokoso lake padenga linali lalikulu moti sitinkamvana, ndipo tinangokhala pamkeka masanawo tikudya mango, tikuyang'ana m'mwamba kufunafuna podontha. Panalibe.

Ndili mwana ndinkaona ngati a banki analanga ababa chifukwa chotigulira zabwino, ndipo anawakhululukira titavutika mokwanira. Tsopano ndili ndi kageni kanga ka tomato, ndimabwereka pafoni ndi kugulu la amayi, ndipo ndikudziwa kuti panalibe wolanga kapena wokhululuka. Ababa a mu Seputembala ndi a mu Novembala anali munthu mmodzi, wolipira tsiku lomwelo la mwezi. Chinasintha ndi chimene chinkapezeka pakhadi tsiku lolembera. Ine sukulu ndinalekezera mu Sitandade 7, koma ndisanabwereke paliponse ndimafunsa kaye kuti amalemba liti, ndipo ndimayesetsa kuti tsikulo lindipeze nditabweza. Pamaliro a ababa panabwera anthu amene sindinkawadziwa, wogulitsa makala, wokonza njinga wa pa Lunzu, anzawo a kubwalo la ndege. Mwambo wofunsa ngati pali amene malemu anali naye ngongole utafika, wolankhulayo anafunsa kawiri n'kudikira. Palibe anaimirira, ndipo amayi anandifinya dzanja.