Tsiku Limene Ndinakanda Khutu

Mabodza ndanenapo ambiri, koma ili limandiyabwabe.

Nthawi ya nkhondo, shikola ya kwathu ku Nsadzo itapsa, kunatsala mphunzitsi mmodzi, apulofesoli Jasinto, amene ankaphunzitsa pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Mwana wanga Rozita anabadwa wosamva. Konse kumene ndinkapita naye ankandiuza mokoma mtima kuti shikola ya ana otere iliko, kutali kumzinda, ndingodutsa msewu wa mabomba okwirira. Ndinkathokoza ndithu.

Ndiye ndinapangana ndi Rozita pa manja kuti ine ndikakanda khutu, iye avomere ndi mutu. Tinayeserera sabata yathunthu.

Tsiku lokamulembetsa, ndinaima kumbuyo kwa apulofesoli pamene ankamufunsa mafunso.

"Ukufuna shikola, mwanawe?" Ndinakanda, iye anavomera.

"Umamva bwinobwino?" Ndinakanda, anavomeranso.

"Nanga bambo akowa, ndi abodza?"

Pomwepo ntchentche inandilowa m'khutu. Rozita anavomera mwamphamvu, kawiri.

Apulofesoli sanacheuke n'komwe. "Bambo Sitefano, chithunzithunzi chanu ndikuchiona pansi apa, chikudzikanda ngati galu wa utitiri. Mukanangondiuza."

Ine ndinati ndi ntchentche. Chinali choona chokhacho chimene ndinanena tsikulo, ndipo sanachikhulupirire.

Anamukhazika Rozita kutsogolo. Ankamulozera chinthu n'kumulembera dzina lake padothi ndi kamtengo, mpaka anadziwa kulemba kuposa ine.

Lero ali ndi banja lake. Akafuna kunditchula pa manja, amangokanda khutu. Adzukulu anga nawonso amatero, ngakhale m'tchalitchi.