Akangaude a M'munda wa Atelala

Anthu amawatchulabe kuti Atelala, ngakhale makina osokera anagulitsa kalekale. Anasoka zaka makumi awiri pakhonde la golosale, mpaka amuna awo anamwalira n'kuwasiyira ana atatu ndi munda wa soya. Khasu analigwira imvi zitayamba kale, ndipo ankalima mmene ankasokera: mosathamanga, maso ali pafupi ndi ntchito.

Chaka china mvula inadula masabata atatu soya akuchita maluwa. Masamba a mizere ya kumsewu, komwe kumagwa fumbi la magalimoto, anayamba timadontho tachikasu. Alamu awo, olima munda woyandikana nawo, anaima pamalire n'kupukusa mutu.

"Alamu, awa ndi akangaude ofiira. Poperani munda wonse lero lomwe, apo ayi mudzakolola mapesi."

Koma Atelala ataimbira foni mlangizi wa zaulimi, iye anati asapupulume, ayambe aona pomwe tizilomboto tafika, ndipo anawauza kachitidwe kake.

M'mawa mwake anatenga kansalu koyera n'kuyambira kumsewu. Ankakayala pansi pa soya, kugwedeza masamba, n'kudikira. Tifumbi tagwapoto tikayamba kuyenda, ndiye akangaudewo. Pamzere woyamba kansalu kanadzaza, kunsi kwa masamba kuli ulusi. Ankati akayenda mapazi makumi awiri, n'kugwadanso. Pamzere wachisanu anawerenga tisanu ndi tiwiri. Pa wakhumi, kamodzi kokha. Pakati pa munda anagwedeza mpaka mkono kuwawa, koma inagwa ndi nyerere imodzi basi.

Dzuwa lili pamutu anakhala pansi, mawondo ali fumbi lokhalokha, n'kuyamba kuseka okha.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa alamu aja ali kumalire.

"Alendo anu athera pakhonde. M'nyumba sanalowe."

Anapopera mizere khumi yokha ya kumsewu. Pakapita masiku atatu ankayenderanso munda wonse, mtima uli m'mwamba, koma ulendo uliwonse tizilombo tinkachepa. Kenako mvula inabwerera, masamba atsopano n'kutuluka obiriwira.

Mizere ya kumsewu inabereka tinjere tonyala, iwo n'kupatsa nkhuku. Kwina konseko soya anakhwima bwino. Tsiku lomaliza kupuntha, Atelala anagona masana pamthunzi, mpango uli kumaso, ndipo mwana wawo wamkazi ankabweza aliyense wowafuna.

"Mubwere mawa. Amayi lero akupuma."