Msasa wa a Grunwald

A Goodwell Chagunda anakhala ku Wembley zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, koma mukanawafunsa akanakuuzani kuti angopondako. Anali mphunzitsi ku Ntcheu, ndipo anathawa mu 1965 atayankhula zandale pamene ena ankangotsokomola. Ku London ankayendetsa basi mpaka kupuma ntchito. Nyumba anagula ndi akazi awo, a Bessie, ndi thukuta launamwino. Koma a Chagunda sanakhomemo ngakhale msomali umodzi. Ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Chodabwitsa n'chakuti bambowa anali ndi luso la manja. Kufolera anaphunzira kwa atsibweni awo, ndipo ankadzitama kuti denga lawo silinagonjepo kwa mvula. Koma denga la kuchipinda chawo chogona linali litadontha zaka zitatu.

Mu 1994 boma litasintha kwawo, othawa anzawo anayamba kubwerera. A Chagunda anangoti zii, tikiti osagula, denga osakonza. Pofika Seputembala a Bessie zinawakwana.

"Bambo a Mwai, ine ndatopa kugona ndi ma bucket. Winter isanafike musankhe: ticket kapena denga. Apo ayi ndikupita kwa Mwai ku Romford, mutsale ndi mame anuwo."

Sankaseka. Mwai anali mwana wawo wamkazi, ndipo chipinda anali atawakonzera kale.

Sabata yomweyo a Chagunda anaona oyandikana nawo nyumba, a Grunwald, Myuda wokalamba amene akazi awo anamwalira, akulimbana ndi matabwa kuseri kwa nyumba, dzanja lina lili pamsana. A Grunwald anati akumanga msasa wa chikondwerero chawo, koma chaka chino msana wakana. A Chagunda mtima unadumpha. Msasa! Anawauza kuti akapume, ntchito yafika kwa eni ake.

Safunsa anadya phula. Iwo sanafunse kanthu. Anayala pulasitiki wakuda monga amachitira kumudzi, nasanja bango logula mitolomitolo, nalimanga zolimba, nalidula mlomo bwinobwino. Masiku awiri akutha, msasa unaima ngati nyumba yolowamo mkwatibwi. A Bessie ankangoyang'ana pawindo, milomo itatalika.

Masana amenewo kunagwa mvula. A Chagunda anakokera a Grunwald mkati kuti adzionere okha. Dontho ngakhale limodzi! Anaimirira chifuwa patsogolo kudikira kuyamikidwa.

A Grunwald anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka mpaka kugwira msana.

"Bwenzi langa, denga ili ndi labwino kwambiri, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Liyenera kudontha."

"Kudontha? Mwadala?"

"Mwadala. Pulasitiki saloledwa, ndipo bango likhale lapatalipatali, mthunzi ukhalepo koma thambo lizioneka. Makolo athu anayenda m'chipululu zaka makumi anayi akukhala m'misasa. Chimene chinawasunga si denga, ndi Mulungu. Ndiye chaka chilichonse, nthawi yokolola, pamene munthu wakhuta n'kuyamba kudziona ngati wadzipanga yekha, timatuluka m'nyumba zathu zofunda kukadyera muno, kuti mphepo itikumbutse."

A Chagunda anali mkulu wa mpingo, ndipo za Madyerero a Misasa anaziwerengapo kangapo m'buku la Levitiko. Sanaganizepo kuti pali anthu amene amanyowadi nazo. Manyazi anawagwira, ndipo anaphwasula denga lawo lokongolalo akung'ung'udza, kulisandutsa chinthu chimene atsibweni awo akanawakwapulira.

Tsiku loyamba la chikondwerero a Grunwald anawaitana kudzadya nawo masana, chifukwa msasa wopanda mlendo, anatero, ndi khola chabe. A Bessie anakana, ati zodontha anazidya kale zokwanira. Amuna awiriwo anakhala pansi pa zipatso zolendewera, mawanga a dzuwa ali patebulo, kamphepo kakuziziritsa supu. A Chagunda anamva kukoma kumene sanakumve kwa nthawi yaitali.

"Ndiye mumakhalamo mpaka liti?" anafunsa.

"Masiku asanu ndi awiri."

"Kenako?"

"Kenako timalowa m'nyumba, nanga! Msasa timaphwasula. Kukumbukira ulendo ndi lamulo, koma kuli ndi tsiku lake lothera. Wokhalitsa mumsasa sakupembedzanso, akungozunza mkazi wake."

A Grunwald ananena zimenezi akupaka batala pabuledi, osayang'ana munthu. Khoma la pakati pa nyumba ziwirizo linali lopyapyala, ndipo mawu a a Bessie sanali ang'ono.

A Chagunda supu inawakanika. Anatsanzika, nakapeza akazi awo akupinda zovala pabedi. Anakhala pambali pawo, ndipo ananena chimene anachibisa miyezi inayi.

"Mayi a Mwai, ticket ija sindigula. Amayi anapita ndili kuno, atsibweni anapita, achimwene anapita. Ndikafika ndikapeza manda okhaokha, ndi ana ondifunsa kuti ndine yani. Ndikuopa. Ndimati ndikakonza dengali ndiye kuti ndawasiya."

Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. A Bessie anawagwira dzanja kwa kanthawi.

"Ndimadziwa kuyambira May, mwamuna wanga. Manda tikaona pa Easter, return, tonse awiri." Anapumira m'mwamba, n'kuloza kudenga ndi chibwano. "Koma lathuli si lachipembedzo ayi. Kwerani kusanade."